Ulendo wa ku Makanjira: Zimene Ndinaona Patsinde pa Mango

Amene anayendapo msewu wochoka pa Boma la Mangochi kupita ku Makanjira adzandivomereza kuti ulendo umenewu sufuna munthu wa mtima wapachala. Tinanyamuka titangoswali Subuhi, tinaoloka Shire pa mlatho, ndipo tinadutsa Malindi ndi Lungwena nyanja ili kumanzere, mapiri ali kumanja. Fungo la usipa wa pamathandala linatiperekeza njira yonse.

Ndinapita kukaona mlongo wanga. Koma mawa lake, Lachiwiri, ndinadabwa kupeza mwana wake wamkazi wa Sitandade 7 ali khale pakhonde, pamene mlongo wake anali atathamangira kale kusukulu. Poti ndine mwinimbumba, ndinakalipa. Mayi wake ananditengera pambali nandiuza monong'ona kuti mwanayo ali kumwezi, ndipo m'nyumbamo munalibe ndalama ya mapadi. Ndinagwa nkhope.

Awerengi okondedwa, tsikulo ndinaphunzira zimene ife abambo sitifuna kumva. Ndalama ya usipa ikalowa m'nyumba imayamba yagula ufa, mchere ndi sopo. Mapadi amakhala kumapeto. Mtsikana amangodalira nyanda, tizidutswa ta chitenje chakutha. Poopa maso a amuna amayanika nyandazo m'chipinda, mosafika dzuwa, ndipo nsalu yosauma bwino imabweretsa zilonda. Kusukulu nako chimbudzi chilibe chitseko, madzi ali kutali, ndipo yunifolomu ikathimbirira anyamata amamuseka. Tawerengani nokha: masiku anayi mwezi uliwonse, pakutha pa chaka ndiye kuti wataya maphunziro oposa mwezi wathunthu. Pamayeso tidzati mwana wamkazi alibe nzeru, chonsecho mpikisanowo sunali wofanana. Maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, koma khomo limeneli linatsalabe lotsekeka kwa ambiri.

Madzulo mlongo wanga anandilondolera patsinde pa mango, pafupi ndi sukulu, pamene amayi a Mother Group amakumana. Anali ndi makina amodzi osokera opalasa ndi mapazi. Wina amadula nsalu yofewa ya fulanelo, wina amaika kansalu kosalowa madzi pakati, wina amasokerera mabatani. Padi yotere imachapidwa ndi sopo, imayanikidwa padzuwa, ndipo imagwira ntchito miyezi yambiri. Ena amagulitsa kuti apeze ya ulusi, ena amapatsa ana amasiye ulere. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Vutoli si la kunyanja kokha ayi. Ku India, bambo wina dzina lake Arunachalam Muruganantham, ataona mkazi wake akuvutika ndi sanza, anapanga makina otsika mtengo opangira mapadi, ngakhale anthu ankamuyesa wamisala. Dziko la Kenya linachotsa msonkho pa mapadi mu 2004, ndipo kuno kwathu boma linachotsa msonkho wa 16.5 peresenti mu 2022. Chaka chomwecho ku Scotland linayamba kugwira ntchito lamulo loti zinthuzi zizipezeka ulere. Komabe kuchotsa msonkho sikuika ndalama m'thumba la msodzi amene wabwerako chimanjamanja.

Chipembedzo chathu chimapumitsa mkazi wa kumwezi pa swala ndi kufunga, koma sichimuletsa kupita kusukulu, ndipo sichinena kuti msambo ndi tsoka. Anamkungwi a ndakula amalangiza ana athu za ukhondo. Ife abambo ndi amalume mbali yathu ndi sopo, nsalu ndi chitseko cha chimbudzi.

Pobwerera ndinatsikira pamsika wa Mangochi, ndinagula fulanelo, ulusi ndi sopo, nkutumiza pa matola omwewo. Wogulitsa anandiyang'ana modabwa, koma manyazi ndinali nditawasiya ku Makanjira. Nanga inu bambo, mwezi uno mwafunsa mayi a kunyumba ngati mwana wanu ali nazo zomuyenereza?