Mzinda wathu umayaka panyanja

Achimwene anga ali ku Joni. Zaka zitatu zapitazo adanditumizira kabokosi ka penti wa madzi, maburashi awiri ndi kalendala ya zithunzi za mizinda usiku. Patsamba lina panali mlatho wa Nelson Mandela wa ku Johannesburg, magetsi ali ngwee. Ndidatha miyezi ndikukopera mlathowo, chonsecho sindidaupondepo.

Tsiku lina amalume, omwe akalambira pa usodzi, adandipeza pakhonde. Atayang'ana pepala langa adafunsa: "Kodi mphwanga, kuno ku Nkhotakota sikuda?"

Usiku womwewo, mwezi uli kumdima, adanditengera kugombe. Nyanja yomwe ndakhala ndikuiona chibadwire ndidaiona ngati mlendo. Nyali za asodzi a usipa zidandanda kuchokera kumpoto mpaka kumwera, ngati tauni yoyandama. Nyali zoterezi amayatsa ndi siginala, yemwe amakhala m'bwato laling'ono kukopa usipa kuti usonkhane, anzake n'kuuzinga ndi chilimira. Mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, ndipo tauniyo imazima.

Penti wa madzi ndi wamakani. Kuwala sumakupaka ayi. Kuwala ndi pepala lomwe walisiya loyera. Ukaphimba malowo ndi mtundu wakuda, basi, nyali yazima, siibwereranso. Choncho ndimayamba ndadontheza timadontho ta phula la kandulo pomwe pakhale nyali, poti phula limakana madzi. Kenako ndimanyowetsa pepala, n'kupaka buluu wosakaniza ndi kofiirira pang'ono, kudikira aume, n'kupakanso mpaka mdima ukhwime. Mapepala ambiri adang'ambika chifukwa cha phuma langa.

Chithunzi choyamba chooneka bwino ndidapita nacho kwa amalume monyadira. Iwo adapukusa mutu. "Nyali zako zachikasu ndi zamakedzana, za parafini. Anyamata a lero amayatsa mababu a batire, oyera mbee. Ndiponso waziika pafupi kwambiri. Usipa masiku ano amautsata kutali." Ndidachita manyazi. Ndinkajambula nyanja ya ubwana wanga, osati yomwe ili pamaso panga.

Kenako adayamba kuwerenga nyalizo ndi chala, imodziimodzi. Apo ndidakumbuka msuweni wanga, mwana wawo wachisamba, yemwe anali siginala. Adapita panyanja usiku wina m'nyengo yozizira, mwera n'kuwuka mwadzidzidzi, ndipo bwato lidapezeka lokha. Kwa ine timadontho tija tinali zokongoletsa pepala. Kwa amalume kadontho kalikonse ndi mwana wa munthu, yemwe mayi ake sagona tulo mphepo ikayamba kuwomba.

Kuyambira pamenepo sindidonthezanso phula mwachisawawa. Ndimakhala pamchenga, n'kuwerenga nyali zomwe zilipodi usiku umenewo, ndipo ndimajambula zomwezo. Kuseri kwa pepala ndimalemba tsiku ndi momwe mphepo inalili.

Ena amandiseka kuti munthu wamkulumkulu ndikutha ndalama pojambula mdima. Aseke. Amene timadyera nsima usipa wotsika mtengo tiyenera kudziwa komwe umachokera ndi omwe amaika moyo pachiswe kuti ufike pathandala.

Mwezi watha ndidatumiza chithunzi chimodzi ku Joni. Achimwene adaimba foni usiku, mawu akunjenjemera. Akuti achikhoma pamwamba pa bedi, pomwe kale panali kalendala.