Mbale Imodzi

Ife a ku Chipoka tinakulira nsima ya usipa ndi chambo, ndipo sitinkaganiza kuti chakudya cha dziko lina chingatiphunzitse kanthu. Komatu akuluakulu sananame ponena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Chimwalirireni bambo athu, ife ang'ono aŵiri tinatha zaka zitatu osadyera pamodzi ndi achimwene athu aakulu. Mkangano wake unali wa bwato ndi khoka zimene malemuwo anasiya. Pa Misa iwo akakhala kutsogolo, ife tinkakhala kumbuyo, kuti moni wa mtendere usatikumanitse.

Tsono m'nyengo ya Lenti mayi athu anagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, ndipo tonse atatu tinapita kukaŵaona. Madzulo a Lachisanu mphwathu wokhala mumzindamo anatitengera kukanyumba kodyera pafupi ndi kwawo, kamene mwini wake ndi mayi wochokera ku Ethiopia. Titasamba m'manja tinayembekeza mbale zathuzathu, koma panafika chimbale chimodzi chokha. M'menemo munayalidwa injera, mkate wopyapyala wa timaenje ngati chisa cha njuchi. Amauphika ndi ufa wa kambewu kotchedwa teff, umene amausiya kuti usase kwa masiku aŵiri kapena atatu. Pamwamba pake panali timilu ta mphodza zofiira ndi tsabola, kabichi, masamba ndi shiro, ndiwo ya ufa wa tchana. Nyama panalibe. Mayiwo anatifotokozera kuti Akhristu a Orthodox kwawoko sadya nyama, mazira kapena mkaka Lachitatu ndi Lachisanu, ndiponso masiku 55 asanafike pa Pasaka.

Poyamba kuŵaŵasa kwake kunatidabwitsa, ndipo aliyense ankanyema mbali yake maso ali pansi. Koma injera ndiyo mbale, ndiyonso chotapira ndiwo. Pamene ikutha, manja amayandikana. Mayi aja ataona kuti tili chete, anatiuza za mwambo wa gursha: munthu amakulunga ndiwo m'kachidutswa ka injera n'kudyetsa pakamwa mnzake amene amamlemekeza, ndipo kukana n'kosayenera. Mphwathu anayamba, nadyetsa achimwene. Tinaseka tonse. Kenaka achimwenewo anakulunga kawo, nayang'ana kwa ife, dzanja likunjenjemera. “Landirani,” anatero. Tinalandira, mmodzimmodzi.

Pamene khofi ankakazingidwa pa makala ndipo fungo la lubani linadzaza m'nyumbamo, tinakumbuka kuti mwambowu si wachilendo kwenikweni. Agogo athu ankatikhazika pamkeka mozungulira mbale imodzi, ndipo mwana wodyera payekha ankafunsidwa chimene chamuvuta. Ndife amene tinautaya.

Nkhani ya bwato sinathere pomwepo. Ankhoswe anaikamba mwezi wotsatira, ndipo inali yoŵaŵa ndithu. Koma tinaikamba titadya kale. Abale anzathu, kodi m'banja mwanu mulibe munthu amene mwatenga nthaŵi musanapise naye dzanja m'mbale imodzi?