Superman Sadzafika ku Busa

M'chaka cha 1996, kampani ya DC Comics ya ku America, mogwirizana ndi boma la dzikolo ndi bungwe la UNICEF, idatulutsa kabuku ka zithunzi kotchedwa Superman: Deadly Legacy. Superman ndi munthu wongopeka amene adayamba kuoneka m'mabuku otere m'chaka cha 1938. Amauluka ngati kabawi ndipo chipolopolo sichimulasa. Kabukuka kadagawidwa kwaulere kwa ana a ku Bosnia, kumene nkhondo idatha mu 1995 n'kusiya minda ndi njira zodzaza mabomba okwirira pansi, amene anthu a kuno amawatcha mina. M'nkhaniyo Superman amapulumutsa ana amene atsala pang'ono kuponda bomba, kenaka amawalangiza malo oyenera kuwapewa.

Nkhani ya kabukuka idamufika pamtima mkulu wina wa chakufupi ndi Cassacatiza, m'boma la Chifunde, amene adaimva kwa mdzukulu wake wophunzira ku Lusaka. Mkuluyu adathawira ku Ukwimi, m'boma la Petauke ku Zambia, nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo adabwerera pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Iye amakumbukira kuti pobwerera, mantha aakulu sadali a mfuti ayi, koma a nthaka yeniyeniyo. Njira ya ku chitsime, pansi pa mtengo wa mango, pabwinja la makolo, ponseponse munthu ankaponda mtima uli m'mwamba.

Poyamba mkuluyu adayamikira nzeru ya olemba kabukuka, poti mwana amamva msanga chithunzi kusiyana ndi ulaliki. Koma atasinkhasinkha adaona mbuna. Mwana wamng'ono akaona kuti aliyense wolowa pangozi amanyamulidwa ndi munthu wouluka, kodi sangaganize kuti nayenso adzanyamulidwa? Ena mwa ogwira ntchito yophunzitsa za mabomba adadandaulanso chimodzimodzi za kabukuka. Bomba lokwirira silipereka mpata. Likaphulika laphulika, ndipo wofika ndi mbale wonyamula machira.

Kwa mkuluyu, amene adapulumutsa anthu a m'chigawo cha Tete ndi amuna ndi akazi amene ankagwada padzuwa, kufufuza nthaka pang'onopang'ono ndi makina olira akamva chitsulo. Mabungwe monga Norwegian People's Aid, HALO Trust ndi APOPO, ija ya makoswe onunkhiza mabomba, adagwira ntchitoyi m'dziko muno kwa zaka zambiri. Pangano loletsa mabombawa lidasainidwa ku Ottawa mu Disembala 1997, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko olivomera udachitikira ku Maputo mu 1999. Pa 17 Seputembala 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa.

Mawu oti "odziwika" ndi amene mkuluyu safuna kuti aiwalike. Si msilikali aliyense amene adalemba pamene adakwirira, ndipo madzi a mvula amafukula zipolopolo ndi magrenedi amene adatsalira m'tchire. Ana amene akuweta mbuzi lero adabadwa nkhondo itatha kalekale, choncho chitsulo chadzimbiri amachiona ngati chidole kapena chogulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Safunsa adadya phula.

N'chifukwa chake akakhala ndi adzukulu madzulo, phunziro lake limakhala lalifupi. Ukaona chitsulo chachilendo usachikhudze, usachigende, usachiotche. Bwerera momwe wadzera, uchenjeze anzako, ukauze makolo. Makolowo akauze amfumu, ndipo amfumu akadziwitse apolisi kuti aitane odziwa ntchitoyi.

Makolo, mitengo ikuluikulu ya m'midzi, musaleke kufotokozera ana zimene nthaka ino idaona. Mwana amene wauzidwa kunyumba amadziwa chochita akakhala yekha ku busa.