Ukamva sailini pa mphambano

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti laisensi yatuluka, ndipo uyamba kudziyendetsa wekha popita ku ntchito ku Limbe. Ndakondwa. Kusukulu yoyendetsa galimoto anakuphunzitsa zikwangwani, kunyamuka pa chitunda ndi kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo. Koma za ambulansi amangoti uziipatsa mpata, basi. Mpatawo uupeza kuti pa Ginnery Corner nthawi yoweruka, minibasi ili kumanzere, wakabaza ali kumanja? Ine ndinakalambira pa chiwongolero cha ambulansi, ndiye undimvere.

Anthu amayesa kuti chimene timaopa ndi dalaivala wamakani. Wamakani ndimamuonera patali, ndimadziwa kuti sasuntha, ndipo ndimafuna kwina kodzera. Woopsa ndi wodzidzimuka: amamva sailini, mtima n'kulumpha, n'kuponda mabuleki pakati penipeni pa msewu, kapena kukhotera mbali yomwe ine ndasankha kale. Chimene woyendetsa ambulansi akufuna kwa iwe n'chakuti adziwe zimene uchite usanazichite.

Sailini usaikhulupirire kwambiri. Woyenda pansi amaimva patali, koma iwe wotseka magalasi, wailesi ikulira, udzaimva itafika kale pamsana. M'tauni kulira kwake kumagunda makoma a nyumba n'kubwerera, moti umatha kuyang'ana kumanja chikhalirecho ikuchokera kumanzere. Ukangoimva, chotsa phazi pa moto, tsitsa wailesi, tsitsa galasi, uyang'ane pa magalasi onse atatu. Usakhote usanaione ambulansiyo. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo imangothera poti maso auze phazi chochita. Mabuleki asanagwire n'komwe, wadutsa kale utali wa galimoto zitatu.

Tsopano ndikuuze zimene dalaivala wa ambulansi wodziwa ntchito amachita pa loboti yofiira. Malamulo amamulola kudutsa akakhala pa changu, koma samuchotsera mlandu akagunda munthu. Choncho amafika pang'onopang'ono, mwina kuima kumene, n'kusintha kaliridwe ka sailini kuti amene anaizolowera atembenuke. Kenaka amadula mphambanoyo mzere umodzi umodzi. Amayang'ana dalaivala wa mzere woyamba mpaka ataona kuti waima ndithu, amasendeza mphuno ya galimoto, n'kuyang'ananso wa mzere wachiwiri.

Mzere wachiwiriwo ndiye wakupha, ndipo ndi momwe iwe udzakhale nthawi zambiri pa msewu wa Chipembere. Taganiza: loboti yako ndi yobiriwira. Kumanzere kwako kuli basi kapena lole, ndipo mwadzidzidzi yaima. Iwe ukuti dalaivalayo akusinza kapena injini yamuthimira, ukuponda moto kuti umudutse. Pamene iyeyo waimira ambulansi imene thupi la lole yakeyo lakubisira. Ubwino wake womwewo ndi umene wakutchera msampha. Ndiye ukaona wapambali pako waima pa loboti yobiriwira, nawenso ima. Akumbuyo aziimba hutala, asiye aimbe.

Mwina ukudabwa kuti bwanji osangothamanga, popeza munthu akufa. Sunaonepo kumbuyo kwake. Ma ambulansi ambiri a zipatala zathu ndi ma Land Cruiser, aatali msinkhu, osachedwa kupendekeka ukakhota mwaliwiro. Nthawi zambiri mumakhala mayi woyembekezera amene zavuta kuchipatala chaching'ono, akumutumiza ku Gogo Chatinkha ku Queens. Wagona pa machira, botolo la dilipi likulendewera pa kambedza. Namwino wagwada pambali pake, dzanja limodzi pa mkono wa mayiyo, linalo lagwira chitsulo. Gadiyani wakhala pakona, wafungata beseni ndi zitenje. Mabuleki amodzi amphamvu, namwino uja wakagunda mutu kutsogolo, singano yazuka. Masekondi amene timapulumutsa podula mphambano mwaliwiro ndi ochepa kwambiri, ndipo ambulansi ikagundidwa odwala amachuluka pomwe galimoto yowanyamula palibenso.

Ikakupeza uli kutsogolo pa loboti yofiira, usalowe m'mphambano pofuna kuithandiza, chifukwa odutsa mopingasa sakukuyembekezera. Ngati malo alipo, yatsa indiketa yakumanzere, sendera pang'ono, ima. Ngati palibe, khala pomwepo, idzakuzungulira yokha. Malo oterewa amakonzedwa kale: nthawi zonse ukaima kumbuyo kwa mnzako, uzisiya danga loti uziona matayala ake akumbuyo pamene akhudza phula. Ukamumatirira, sailini ikalira ulibe kokhotera.

Za mahazadi ndili nazo mawu. Kuno tinazolowera kuyatsa mahazadi pa chilichonse, ena mpaka amawayatsa pofuna kunena kuti akupita molunjika pa mphambano. Kwa ine amene ndili kumbuyo kwako, nyali ziwiri zikuphethira pamodzi sizindiuza kanthu. Indiketa imodzi imandiuza komwe ukupita.

Pa raundabauti, ngati ya ku Chichiri ija, usaime m'kati. Ukaima watseka onse, ambulansi yomwe. Ngati sunalowe, dikira panja ngakhale mpata uli wako. Ngati walowa kale, pitiriza mpaka potulukira pako, ukaime kumanzere utatuluka. Kuseri kwako kuyang'anenso, poti wakabaza amakonda kulowa pamene iwe ukusenderapo, ndipo m'mbali mwa misewu yathu muli ngalande zosavundikira. Magetsi akazima maloboti n'kufa, yang'ana dzanja la wapolisi ngati alipo. Ngati palibe, yenda ngati wina aliyense sanakuone.

Udzamva anzako akuti ma ambulansi ena amaliza sailini alibe wodwala, angofuna kuthawa mzere. Alipo otero, sindikana, ndipo amatichititsa manyazi. Koma yopanda munthu ikhoza kukhala ikukatenga munthu, ndipo iwe uli pa chiwongolero sungathe kusiyanitsa. Zimandiwawa kuti mdipiti wa akuluakulu ukamadutsa, apolisi amatseka msewu nthawi ikadalipo, tonse n'kuima duu osang'ung'udza. Koma mayi wa ku Bangwe amene ali mu ambulansi alibe wapolisi womutsogolera.

Chomaliza, ambulansi ikadutsa usaithamangire kumbuyo monga amachitira a minibasi, kudyerera njira imene yatsegula. Ikhoza kuima mwadzidzidzi, komanso amene anaipatsa mpata amabwerera mumsewu osayembekezera kuti pali wina akubwera. Werenga mpaka zisanu usanasunthe, umvetsere, uyang'ane pagalasi. Minibasi ikagubuduzika, ovulala sakwana mu ambulansi imodzi, ndipo yachiwiri imabwera anthu atayamba kale kuyenda, sailini yake itabisika m'phokoso la yoyamba ija.

Loweruka ubwere ndi galimotoyo, tikaone mabuleki ndi matayala. Amayi ako akuti ubweretse mabeseni awo aja.

Ndine bambo ako.