Makhadi 78 pa Mphasa ya Munthu Mmodzi

Bawo imafuna anthu aŵiri, njuga imafuna gulu ndi ndalama. Nanga munthu wokalamba amene anzake ambiri adatsogola achitenji m'mwezi wa Januwale, mvula ikamtsekera pakhonde, matope a chigwa chino cha Phalombe atakaniza ngakhale njinga? Alipo maseŵera a makhadi a munthu mmodzi, otchedwa solitaire. Adzukulu athu amaŵadziŵira pa foni, pakuti adaikidwa m'makompyuta a Windows mu 1990. Ine ndimaŵaseŵera pamphasa.

Mpukutu wamba uli ndi makhadi 52. Umayala mizere isanu ndi iŵiri, makhadi 28, ndipo otsalawo umatapa limodzilimodzi, kusanja lofiira pa lakuda motsitsa manambala, kufikira mtundu uliwonse utaunjikana pawokha. Koma mpukutu wanga uli ndi makhadi 78. Adandisiyira mlendo wa ku France amene adadzakwera phiri la Mulanje kudzera ku Fort Lister. Dzina lake ndi tarot.

Mitundu inayi ija ilimo, koma uliwonse uli ndi makhadi 14, popeza pakati pa mnyamata ndi mfumukazi pali wokwera pa kavalo. Palinso makhadi 21 a zithunzi okhala ndi manambala aoao, ndi limodzi lopanda nambala lotchedwa Chitsiru. Mizere isanu ndi iŵiri idachepa, otsala m'manja nkukhala 50, kotero ndidayamba kuyala isanu ndi inayi: pansi 45, m'manja 33. Miyulu yomalizira idakhala isanu, wachisanuwo wokwera kuchokera pa 1 mpaka 21.

Chimene chidandidyera milungu ndi makhadi a zithunziŵa, chifukwa sali ofiira kapena akuda. Nditaŵalola kukhala pa khadi lililonse, ndinkapambana pafupifupi tsiku lililonse, maseŵerawo nkusukuluka ngati ndiwo zopanda mchere. Nditalamula kuti azikhala pa anzao okhaokha, mizere inkatsekeka ndisanapite patali. Lamulo limene ndidakhazikikapo nlakuti ofika pa 14 akhale pa khadi lililonse loŵaposa ndi imodzi, koma a 15 mpaka 21 asanjane okhaokha. Chitsiru chiima m'malo mwa khadi losoŵa, kamodzi kokha. Kunena zoona, nkovuta kudzimana pamene palibe wokuyang'ana.

Tsono, abale, dzina la tarot lili ndi mbiri ina. Pambuyo pa namondwe wa Freddy, m'Malichi 2023, mitima ya anthu kuno idali m'malere. Mlamu wanga, amene mwana wake ali ku Johannesburg ndipo adaatha miyezi osatumiza mau, adandipeza nditayala makhadi. Adaamva kwa adzukulu kuti azungu amaombezera ula makhadi otere.

"Alamu," adatero motsitsa mau, "tandionerani ngati mwana uja ali moyo."

Ndidaŵauza zimene ndidziŵa. Makhadiŵa adayamba ku Italy cha m'ma 1440, m'nyumba za mafumu a ku Milan ndi Ferrara, ndipo adali a maseŵera chabe. Padapita zaka zoposa 300 kufikira 1781, pamene Mfalansa wina, Antoine Court de Gébelin, adalemba kuti mudabisika nzeru za Aejipito akale. Umboni adalibe, koma oombeza adaitola nkhaniyo. Mpaka lero ku France anthu amaseŵera tarot m'mabanja monga ife tichitira ndi bawo. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2116, akana kuombeza kwa mtundu uliwonse, pamene pa ndime 2413 anena kuti maseŵera a makhadi paokha sali olakwa, pokhapokha akamlanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa ena.

Mai wosoŵa mwana satonthola ndi manambala a ndime. Ndidaona pankhope pao kuti akadakondwa ndikadanama, nkuloza khadi lililonse nkuti mwana ali bwino. Ndidasonkhanitsa makhadi, ndipo Lachinai ku Mphakati tidamtchula mnyamatayo m'mapemphero. Tidalembanso uthenga kwa mnyamata wa ku Migowi amene amayendetsa katundu pa msewu wa ku Joni, kuti akatifunsire kwa Amalaŵi anzathu kumeneko.

Yankho lidatenga milungu isanu: foni idabedwa, mwini wake ali moyo. M'milungu imeneyo alamu ankabwera madzulo kudzakhala pakhonde, ndipo ndi iwo adaona kuti Chitsiru ndi bwino kuchisunga mpaka mizere yonse itatsekeka.