Matailosi amene napolo anawalephera kwa Mkhumba

Minibasi yochokera ku Limbe ikafika pa Chitakale n'kukhotera msewu wa ku Phalombe, nkhani za m'galimoto zimayamba kuzilala. Kudzanja lamanja kumaima thanthwe la Chambe, lalitali moti kuti uone nsonga yake uyenera kupinda khosi pawindo. Ukadutsa Likhubula umayamba kuona mizere yotuwa yotsika m'phiri, ngati malo amene chilombo chinakanda ndi zikhadabo. Ndi njira zimene madzi, miyala ndi mitengo zinadzera mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Mayi amene ndinakhala naye pampando ankaloza mzere uliwonse n'kutchula mudzi umene unali kumunsi kwake.

Ndinkapita kwathu kuchikazi, m'dera la Mfumu Mkhumba, mu Julayi 2024. Ndi dziko la Alhomwe, la nandolo, mpendadzuwa ndi njinga zakapalasa zosawerengeka. Phalombe anakhala boma palokha mu 1998. Kale linali mbali ya Mulanje. Anthu a kuno amawerenga zaka potengera phiri la Michesi. Ukafunsa msinkhu wa munthu amakuyankha kuti anabadwa napolo asanadutse kapena atadutsa, ndipo amanena napolo wa pa 10 Malichi 1991, amene anatsika m'phirimo n'kupha anthu mazanamazana. Tsopano pali napolo wachiwiri wowerengerapo.

Amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, ndinawapeza akusenda nandolo pamphasa. Nyumba yawo yakale inagwa usiku wa Freddy, koma onse anapulumuka chifukwa anali atathawira kusukulu madzulo ake. Yatsopano inali itaima, ya njerwa zootcha ndi malata, zipinda zitatu, pansi pake pozira ndi mtsiro. Titatha malonje, maso anga anagwera pa mulu umene unali pansi pa mtengo wa mango, wofunditsidwa masaka.

“Ndi matailosi a bambo ako aakulu aja,” anatero. “Napolo anatenga mbuzi, anatenga nkhokwe, anatenga ndi chitseko chomwe. Awa anawalephera.”

Ndinawakumbukira. Tili ana tinkasewerapo pakhonde, ndipo masana a mwezi wa Okutobala tinkagonapo chafufumimba chifukwa ankazizira bwino. Malemu bambo aakulu anali kalipentala pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. M'zaka za m'ma 1970 nyumba yakale ya bwana wa pa esitetipo inagwetsedwa, ndipo antchito analoledwa kutola zimene akanatha. Anzawo anathamangira malata ndi mafelemu. Iwo anagwada n'kuyamba kutukula matailosi a m'khonde limodzilimodzi. Tailosi lililonse limalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, choncho ankamanga makumi awiri pakaliyala wa njinga mwezi ukatha, ulendo wa kwa Mkhumba. Zinawatengera pafupifupi zaka ziwiri. Amayi aakulu amati abale awo ankaseka kuti mkamwini uyu akubweretsa miyala kumudzi kumene miyala ili mbwee.

Madzi ataphwa, khonde lonse linapezeka pansi pa matope ofika m'maondo. Adzukulu anakumba ndi makasu, ndipo matailosi ambiri anatuluka athunthu. Chinawapulumutsa ndi momwe anaikidwira. Amisiri akale ankagwiritsa ntchito laimu wosakaniza ndi mchenga, ndipo bambo aakulu anatsatira zomwezo. Laimu amagwira, koma ndi wofewa kuposa tailosi, motero ukalowetsa chitsulo pansi tailosi limanyamuka osasweka. Simenti ya masiku ano ndi yolimba kwambiri. Tailosi lomatidwa nayo nthawi zambiri limatuluka m'zidutswa.

Ndinatenga limodzi n'kulitsuka pachitsime. Linali lofiira ngati njerwa yopsa bwino, masentimita 15 mbali iliyonse, lochindikala ngati chala chachikulu, losanyezimira. Mwa onsewo munali 16 okhala ndi duwa lachikasu pakati. Limodzi la amenewa linali losweka, ndipo pamalo oswekawo ndinaona kuti chikasucho si penti. Ndi dongo la mtundu wina limene linathiridwa m'mphako za duwalo tailosi lisanaotchedwe, moti ngakhale mapazi alipere kwa zaka zana, duwa silichoka. Njira imeneyi inatchuka ku England m'zaka za m'ma 1840 chifukwa cha Herbert Minton wa ku Stoke-on-Trent, amene matailosi a fakitale yake anayalidwa m'nyumba ya malamulo ku London ndiponso mu Capitol ku Washington. Kumayiko amenewo lero kuli amalonda amene ntchito yawo ndi kugula matailosi otere m'nyumba zogwetsedwa, kuwatsuka n'kuwagulitsa pa mtengo woposa wa atsopano.

Malondawo anali atafika kale kwa Mkhumba. Bambo wina wa ku Blantyre amene akumanga malo ogona alendo anamva za muluwo ndipo anabwera kawiri. Anati apereka ndalama yokwana matumba asanu ndi limodzi a simenti. Usiku umenewo nkhaniyi inatenga malo a nsima.

Achimwene, mwana woyamba wa amayi aakulu, ankafuna kugulitsa. “Amayi, matumba amenewa atikwanira chipinda ndi theka. Tikawasunga matailosiwa, simenti yowaikira tiyigulabe tokha. Ndiye tapindula chiyani?” Achemwali, amene amakhala pakhomopo ndi ana awo anayi, ankafuna aikidwe pabalaza kuti alendo aziona kuti banja lino linadzukanso. Ine ndinawerengera mwakachetechete n'kupeza kuti achimwene akunena zoona, ndipo ndinanena choncho. Amayi aakulu sanayankhe aliyense. Anangouza mdzukulu kuti achotse mbale.

Ndinagona m'chipinda cha ana, iwo atasamukira pabalaza. M'mawa ndinapeza achemwali atakhazika kamnyamata kawo ka zaka zinayi pamiyendo, akukatumbula chala ndi pini. Anali matekenya, atatu m'phazi limodzi.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ambiri timaganiza kuti matekenya ndi umboni wa uve wa mayi. Achemwali amasesa kawiri pa tsiku ndipo amazira mlungu uliwonse. Vuto ndi dothi lenilenilo. Tekenya wamkazi akalowa m'khungu amakula n'kuyamba kutaya mazira pansi. Mazirawo amaswa m'fumbi louma la m'ming'alu ndi m'makona, ndipo pakangopita masabata ochepa tizilombo tatsopano timakhala tikudikira phazi lina. Zonsezi zimatha kuchitika m'chipinda chimodzi, mwana osatuluka n'komwe panja. Kutumbula ndi pini wosawiritsa kumawonjezera ngozi ya zilonda ndi kafumbata. Dothi limasunganso mazira a njoka za m'mimba, amene mwana wokwawa amawatola ndi manja n'kuwapititsa kukamwa. Pansi pozira sungatsukepo ndi sopo. Ukathirapo madzi pamasanduka matope.

Ku Mexico, boma la chigawo cha Coahuila linayamba mu 2000 kuthira simenti m'nyumba za anthu osauka, pa ntchito yotchedwa Piso Firme. Akatswiri, kuphatikizapo Matias Cattaneo ndi Paul Gertler, anafufuza zotsatira zake n'kuzifalitsa mu 2009. Anapeza kuti kuchotseratu pansi pa dothi m'nyumba kumachepetsa tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono ndi 78 peresenti, kutsegula m'mimba ndi 49 peresenti, ndi kuchepa kwa magazi ndi 81 peresenti. Amayi a m'nyumbazo nawonso ankanena kuti nkhawa zawachepera. Phindu limeneli silichokera ku kukongola. Simenti wamba wosalala amateteza mwana mofanana ndi tailosi la duwa. Ku Rwanda bungwe la EarthEnable kuyambira 2014 limatsendera dothi n'kulipaka mafuta ouma amene amalilimbitsa kuti lizitsukika, pa mtengo wotsika kuposa wa simenti.

Amayi aakulu za ku Mexico sanazimve, koma phazi la mdzukulu analiona. Atamwa phala anaitana tonse.

“Sindigulitsa. Bambo anu anapalasa njinga zaka ziwiri. Koma pabalaza sapita. Alendo amabwera atavala nsapato.”

Anatembenukira kwa ine. “Iwe wa m'tauni, matumba atatu. Mkulu wakoyu awiri, nandolo akagulitsa.” Achimwene anaseka chokhumudwa, koma sanatsutse. Ndimakhulupirirabe kuti masamu awo anali olondola. Kungoti mulu uja sunali wawo kapena wanga.

Tinawerenga athunthu n'kupeza 330. Pa sikweya mita imodzi pamalowa pafupifupi 40 ukasiya mipata, kutanthauza kuti akanakwana masikweya mita asanu ndi atatu. Chipinda cha ana ndi cha mamita atatu mbali zonse, asanu ndi anayi. Mmisiri wa m'mudzimo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anati zidutswa tisataye, adzazungulizira nazo m'mbali mwa khoma.

Pa mlungu umene ndinakhalako ntchito yaikulu inali yotsuka. Matope a napolo anadutsa m'zimbudzi ndi m'makola, ndipo tailosi losanyezimira limamwa madzi. Tinawaviika m'mabeseni, kupala laimu wakale ndi mpeni wobuntha, kukwecha ndi sopo, kenako kuwatsukuluza m'madzi othira kolorini n'kuwayanika padzuwa masiku atatu. Mnyamata wina anabwera ndi nzeru yoti tithire asidi wa batire kuti ayere msanga. Musayerekeze. Amawononga tailosi, amatentha manja, ndipo akakumana ndi kolorini amatulutsa mpweya wakupha.

Mmisiri uja anakana kuyala matailosi padothi mwachindunji. Kumunsi kwa mudzi wathu, kulowera kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, kuli dothi lakuda la makande, limene limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe. Pansi poyalidwa pamwamba pa dothi lotere pamasweka chaka chisanathe. Anachotsa dothi lapamwamba, anatsendera zibenthu za njerwa, anayala pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyontho, kenako anathira konkire. Analamula kuti izithiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa mlungu wathunthu munthu asanapondepo. Anandifotokozeranso kuti matailosi akale sakhala ochindikala mofanana, choncho aliyense amafunika kumukhazika payekha pamatope a simenti okhuthala, levulo ili m'manja.

Kwa inu amene mungapeze matailosi akale, m'nyumba yogwetsedwa kapena kwa ogulitsa zinthu zakale, pali zitatu zoti musamale nazo. Kudula tailosi louma ndi makina kumatulutsa fumbi losalala limene limakhazikika m'mapapo ndipo silichoka. Dulani mukuthira madzi, panja, ana ali kutali. Matailosi akale onyezimira, makamaka a m'makoma, ena ali ndi mtovu m'chonyezimiracho, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana, choncho musawapere kapena kuwakwecha ndi sandipepala. Komanso akanyowa amaterera, si oyenera kubafa kwa agogo. Ndipo timatailosi topyapyala tonga pulasitiki, timene tinkamatidwa m'maofesi ndi m'nyumba za boma zaka za m'ma 1960 ndi 1970, tambiri tili ndi asibesitosi. Amenewo asiyeni pomwe ali.

Podikira kuti konkire iume, tsiku lina ndinakwera kukaona Fort Lister, pampata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje. Linga limeneli linamangidwa mu 1893 kuti litseke njira imene ogula akapolo ankadutsa popita kunyanja yamchere. Lero patsala zipupa zochepa m'tchire ndi manda. Ndinakhalapo pang'ono mphepo ya chiperoni ikuwomba, kenako ndinatsika, chifukwa inali nthawi yanga yothirira.

Ndinabwereranso mu Okutobala, kukutentha. Chipinda chinali chitatha. Mmisiri anaika maduwa 15 aja pakati, mizere itatu ya asanuasanu, ofiira mozungulira, ndi zidutswa m'mphepete ngati mkanda. La 16, losweka lija, amayi aakulu analisunga pawindo la kuchipinda kwawo. Malo ena tailosi linatsika pang'ono kuposa linzake, ndipo phazi limadziwa. Achemwali anati m'miyezi yozizira adzafunika mphasa ziwiri pansi pa ana, popeza kuzizira kumene tinkakukonda pakhonde kuja usiku wa Juni kumalowa m'mafupa. Amakolopa m'mawa uliwonse ndi madzi a sopo otsala pochapa.

Ndinaitana kamnyamata kaja kuti ndione mapazi. Zala zinali zitapola, patangotsala timabala takuda. Nkhuku ina inalowa n'kuima pakati pa maduwa, ndipo mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri anaithamangitsa ndi tsache, akukalipa ngati mwini nyumba.

Achimwene anali panja akuwerenga ndalama za nandolo wotsala. Pabalaza ndi kuchipinda kwa amayi aakulu n'pozirabe ndi mtsiro, ndipo anandifunsa kuti thumba la simenti likugulidwa bwanji ku Limbe mwezi uno.