Mayina Amene Tinkabatizidwa Nawo

Masiku athu aja munthu ankakula ndi mayina angapo, ndipo lililonse linali ndi amene anakupatsa. Loyamba linkabwera mchombo ukagwa, mayi akutuluka m'chikuta, pamene azakhali kapena agogo ankanyamula khanda n'kunena zimene zinali pamtima pawo. Pakhomo pakakhala kuti pagwa zovuta zotsatizana, mwanayo ankakhala Maliro, Manda kapena Mavuto. Anyamata ena ankatenga lina kudambwe. Kenaka kunali la ubatizo, limene pakamwa tinkati ndi lachikhristu, koma mumtima ambiri tinkaliona ngati lachizungu.

Ine ndinakulira ku Dowa, kufupi ndi Mvera, kumene amishonale ochokera ku South Africa anamanga mishoni mu 1889. Ubatizo sunkabwera wamba, unkayamba walowa kalasi. Amene ankatiphunzitsa anali mkulu wa mpingo wa imvi mbuu, wa jekete limodzi losungira Sabata lokha. Baibulo lawo analikuta ndi kansalu, ndipo potsegula tsamba ankayamba anyowetsa chala ndi malovu, pang'onopang'ono, ngati akuopa kulipweteka. Nthawi yosankha mayina ikakwana, sankalola kuti munthu atole dzina chifukwa chongokoma m'khutu. Ankafuna uyambe wadziwa chimene dzinalo likunena.

Ndi mkulu ameneyu amene anatitsegula maso. Anatiuza kuti Isake ndi dzina la kuseka, chifukwa makolo ake okalamba anaseka atamva kuti adzakhala ndi mwana. Yohane likuchokera ku Chiheberi, ndipo likunena kuti Yehova wachita chisomo. Mateyu ndi mphatso ya Yehova, Zakariya ndi Yehova wakumbukira. Tinayang'anana pabenchi paja, chifukwa pakati pathu panali kale a Chisomo, a Mphatso ndi a Kumbukani. Ndiye anatitengera kwa Rakele, amene pomwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni, bambo wake n'kulisintha kukhala Benjamini. Anatchulanso mpongozi wa Eli, amene anabereka atangomva kuti likasa la Mulungu lalandidwa ndipo mwamuna wake wafa kunkhondo, n'kutcha mwanayo Ikabodi, kudandaula kuti ulemerero wachoka. Ameneyutu ndi Mavuto weniweni. Tomasi ndi wamapasa basi, ndipo Tabita ndi kanyama kokongola ka m'tchire konga nswala. Tsiku limenelo Aheberi ndinawamva ngati anthu a mudzi woyandikana nawo, otcha ana monga ankatchera agogo athu, ndi misozi kapena ndi nthungululu.

Zina ndinadzaziphunzira nditakula, ndipo zinandikondweretsa koposa. Dzina la Yesu kwawo linali Yeshua, chidule cha Yehoshua, lomwe ndi dzina la Yoswa uja analowa m'malo mwa Mose. Tanthauzo lake n'lakuti Yehova amapulumutsa. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, chinenero chopanda liwu la "sh", choncho analemba Iesous. Chilatini chinatengera pomwepo, azungu n'kulitchula aliyense monga mwa lilime lake. Litafika kuno, lilime lathu lokonda kumaliza mawu momasuka linati Yesu, ndipo mosadziwa tinayandikira kwambiri mmene amayi ake ankamuitanira kuposa mmene Angerezi amatchulira. Abale athu a Chikatolika, amene ansembe awo anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, ambiri olankhula Chifalansa, ankapemphera kuti Yezu. Paubwana tinkatsutsana nazo kudambo pobusa mbuzi, aliyense akuti kwawo ndiye amatchula bwino, chonsecho dzina ndi limodzi.

Khristu nalo ena ankaliyesa dzina la bambo kapena mfunda. Ndi mawu a Chigiriki otanthauza wodzozedwa, omasulira Mesiya wa Chiheberi. Petro chimodzimodzi: Simoni anapatsidwa dzina la Chiaramu lakuti Kefa, ndiye kuti thanthwe, olemba m'Chigiriki n'kulimasulira kuti Petros. Kumasulira mayina kunayambira m'Baibulo momwemo, amishonale athu anangopitiriza. Ndipo pali mayina amene Chingerezi chinawalekanitsa koma Baibulo lathu linawasunga pamodzi: James ndi Jacob onse kwathu ndi Yakobo.

Koma dzina limene landikhala pamtima zaka zonsezi ndi la Mulungu Mwini wake. M'Chiheberi limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH. Ayuda analiopa kwambiri mpaka anasiya kulitchula, akafika pamenepo powerenga ankati Adonai, ndiye kuti Ambuye. Alembi awo anaika pa zilembo zinayizo timadontho ta katchulidwe ka Adonai pofuna kukumbutsa wowerenga, ndipo akhristu a ku Ulaya, powerenga zonse pamodzi, anatulutsa Yehova. Ndilo dzina limene William Murray ndi anzake, amishonale pamodzi ndi akhristu akuno, analemba m'Buku Lopatulika, ntchito imene mbali yake inagwiridwa paphiri la Kaso ku Mvera komweko, buku lonse n'kutuluka mu 1922. Akatolika m'Baibulo lawo la Malembo Oyera la mu 1966 analemba Yahve. Liwu lakuti Mulungu lokha silinavute, amishonale analipeza lili kale pakamwa pa anthu ndipo analitenga.

Agogo anga aakazi sanalowepo kalasi. Mvula ikachedwa, chimanga chitayamba kupota masamba, ankaima kuseri kwa nkhokwe m'mawa, atamanga manja kumbuyo, n'kumadandaulira Chauta motsitsa mawu. Kukagunda ankati Mphambe, akaona khanda lobadwa bwino ankati Namalenga. Ife ana a kalasi tinkawamvera chisoni, poganiza kuti akuitana wina wosiyana ndi amene tinkamuimbira m'tchalitchi. Agogowo anamwalira kale kwambiri Buku Loyera lisanatuluke mu 1998. Baibulo limeneli analimasulira pamodzi Akatolika ndi mipingo ina, ndipo paliponse pamene panali zilembo zinayi zija analembapo Chauta. Tsiku limene ndinamva koyamba dzinali likuwerengedwa paguwa, misozi inalengeza m'maso. Ndinalakalaka agogo akanakhala pamphasa ya amayi paja kuti amve okha.

Ndikudziwa kuti anzanga ena sanakondwe nazo. Ankati dzinali likununkha nsembe za pansi pa mtengo, ndiponso kuti Yehova ndiye tinabatizidwa naye. Ndimawamvetsa, pakuti inenso ndikamapemphera usiku Yehova ndiye amabwera msanga pakamwa, ndipo Buku Lopatulika langa sindidzalisiya. Komabe ndimaona kuti omasulirawo anachita bwino. Zilembo zinayi zija za m'Chiheberi ndi dzina lake lenileni la Mulungu, loitanira, ndipo Mchewa akafuna kumuitana Mulungu ndi dzina, amati Chauta. Atumwi nawonso polalikira kwa Agiriki anatenga mawu a Agirikiwo, Theos ndi Kyrios, amene anthu ankatchulira milungu ndi mafumu awo, ndipo uthenga sunadetsedwe nawo.

Masiku ano ndimakondwa kuona makanda akubatizidwa ndi mayina akwathu, a Tadala, a Yamikani, a Takondwa, popanda wina kufunsa kuti lachikhristu ndi liti. Chimene chimandidandaulitsa n'choti a Yohane ndi a Elizabeti ambiri akukula osadziwa kuti mayina awo amalankhula. Inu abusa ndi akulu a mpingo amene mukuphunzitsa kalasi lero, patulaniko Sabata limodzi, muwakhazike anawo pansi, muwafunse mmodzimmodzi dzina lake, ndipo muwauze kumene linachokera ndi chimene likunena.